Dzimbiri, mbiri ndi mtengo wa kamfuti kakale

Pa 19 June 2019, m'nyumba ya malonda a okushoni ya Drouot mumzinda wa Paris, anaika patebulo kachitsulo kofiirira kamene munthu atakaona padzala sangavutike n'kuwerama kuti akatole. Kanali kamfuti ka m'manja ka mtundu wa revolver, kaja kokhala ndi kang'oma kozungulira kolowetsamo zipolopolo. Dzimbiri linali litakadya mpaka kuchita timaenje thupi lonse, ndipo sikakanathanso kuwomba ngakhale mpheta. Akatswiri anali atayerekeza kuti kagulidwa pakati pa mayuro 40,000 ndi 60,000. Nyundo ya wogulitsa itagunda, munthu wina wosatchulidwa dzina, yemwe ankapikisana nawo pafoni, anali atavomera kulipira mayuro 162,500 kuphatikizapo gawo la ogulitsa. Chomwe ankagula si chitsulocho ayi. Mlimi wina anakafukula m'munda ku Auvers-sur-Oise m'zaka za m'ma 1960, m'dera lomwe katswiri wojambula zithunzi Vincent van Gogh anavulala ndi chipolopolo pa 27 July 1890, n'kumwalira patapita masiku awiri.

Nkhani yotere ikamveka imadzutsa chiyembekezo m'nyumba zambiri za ku Ulaya ndi ku America, kumene timfuti totere timapezeka m'madilowa a agogo omwalira, titakulungidwa m'kansalu ka mafuta. Wolandira katundu wamasiye amaona ngati watola chikwama. Ambiri amabwerako kwa ogulitsa zinthu zakale nkhope zitagwa, atauzidwa kuti kamfuti ka zaka zoposa 130 kali ndi mtengo wochepa zedi, ndipo amatsala akudandaula kuti wogulitsayo akufuna kuwadyera masuku pamutu. Nthawi zina zimaterodi. Koma kawirikawiri wogulitsayo amakhala akunena zoona, chifukwa ukalamba pawokha suika mtengo pa kamfuti. Mtengo umachokera pa zimene munthu angathe kutsimikizira: amene anakapanga, kuchuluka kwa tinzake totsala, mmene kasungidwira, ndi pepala losonyeza manja amene kanadutsamo. Zinayi zimenezi zikasowa, chotsala ndi chitsulo chokalamba basi.

Chifukwa chake chili m'chiwerengero. Mu 1855, Rollin White, yemwe kale ankagwira ntchito kufakitale ya Samuel Colt, analembetsa kuboma la America luso loboola kang'oma ka mfuti mbali zonse ziwiri, kuti chipolopolo chathunthu chizilowa chakumbuyo. Horace Smith ndi Daniel Wesson a ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts, anagwirizana naye kuti lusolo likhale lawo okha, iwo azimulipira masenti 25 pa mfuti iliyonse. Mu 1857 anatulutsa Model 1, kamfuti kolowa m'thumba, konyamula zipolopolo zisanu ndi ziwiri za .22, zomwe m'mimba mwake ndi mamilimita 5.6 okha. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865 itabuka, asilikali ankakagula ndi ndalama za m'thumba mwawo, ndipo pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1880 kampaniyo inali itapanga toposa 250,000. Chitetezo cha luso la White chitatha mu 1869, chitseko chinatseguka kwa aliyense. Mafakitale monga Hopkins & Allen ku Norwich, komanso Harrington & Richardson ndi Iver Johnson ku Worcester, anayamba kukhuthula timfuti totsika mtengo togulitsidwa m'masitolo a zitsulo ndi kudzera pa positi, tina ndi madola ochepa chabe. Ku Ulaya, timafakitale tambirimbiri ta ku Liège m'dziko la Belgium tinkachita zomwezo ndi luso la Eugène Lefaucheux la mu 1854. Kamfuti ka ku Auvers kaja, ka mamilimita 7, kanali ka mtundu umenewu, umodzi mwa mitundu yofala kwambiri ku France panthawiyo. Chinthu chopangidwa chochuluka chotero, chachitsulo, chosungidwa m'dilowa mosagwiritsidwa ntchito kwenikweni, sichisowa ngakhale papite zaka zana.

Msampha woyamba kwa wofuna kudziwa kamfuti kake ndi dzina lodindidwa pampope. Mwachibadwa munthu amakhulupirira kuti dzinalo ndi la amene anakapanga, koma pa timfuti ta nyengo imeneyo nthawi zambiri sizili choncho. Mafakitale ankadinda mayina okopa ogula, kapena dzina lililonse limene sitolo yaikulu yaitanitsa. Defender ndi Tycoon ankachokera kwa Iver Johnson, Blue Jacket ndi Ranger kwa Hopkins & Allen, Aetna kwa Harrington & Richardson, ndipo ngakhale dzina lomveka ngati la boma, U.S. Revolver Co., linali la Iver Johnson yemweyo. Osonkhanitsa mfuti zakale anadzapatsa timfuti totsika mtengo ta m'ma 1870 ndi 1880 dzina lachipongwe lakuti suicide specials, ponyoza kuti tinali toyenera kuwomba kamodzi kokha. Dzina lakuti British Bull Dog, lomwe kampani ya Webley ya ku Birmingham inayambitsa mu 1872, linakopedwa kwambiri moti timfuti tochuluka tokhala ndi mawu amenewa sitinapondepo ku Birmingham. Tinapangidwa ku Liège kapena ku America. Amisiri ena a ku Belgium ndi a ku Eibar m'dziko la Spain anali ndi kachenjerero kena. Ankalemba kuti mfutiyo imagwiritsa ntchito zipolopolo za Smith & Wesson, koma dzina la kampaniyo n'kulidinda m'zilembo zooneka bwino, kuti wogula wothamanga m'maso aziti wagula yeniyeni. Chaka chodindidwa pachitsulo nachonso chimasokeretsa. Kawirikawiri chimakhala chaka chimene luso linalembetsedwa kuboma, osati chimene mfutiyo inatuluka m'fakitale, n'chifukwa chake 1855 imaoneka pa timfuti ta Smith & Wesson tomwe tinapangidwa zaka khumi kapena kuposa pambuyo pake.

Amene amadziwa ntchito yawo amasiya zilembo zazikuluzo n'kutenga galasi lokulitsira zinthu, kufunafuna tizidindo tating'onoting'ono tobisika pakang'oma kapena pansi pa mpope. Mayiko angapo a ku Ulaya anakhazikitsa lamulo lakuti mfuti iliyonse iyesedwe ndi wonga wopitirira muyezo isanagulitsidwe, ndipo ikapirira aidinde. Birmingham ili ndi nyumba yoyesera mfuti kuyambira 1813. Ya ku Liège imadinda zilembo E, L ndi G m'kamzere kozungulira ngati dzira, ndipo kuyambira 1893 pamwamba pa dziralo anawonjezerapo chisoti chachifumu. Choncho kachidindo kochepa ngati njere ya mpunga kangathe kuulula dziko limene mfuti inachokera, n'kunenanso ngati inapangidwa chisanafike chaka cha 1893 kapena pambuyo pake, ngakhale pampope patalembedwa Chingerezi chokhachokha. America ilibe lamulo loterolo, kotero kusowa kwa tizidindoti nakonso kumalozera kwinakwake. Kenako amayang'ana mmene kanyundo kamamenyera chipolopolo. Ngati kumbuyo kwa dzenje lililonse la kang'oma kuli kampata kotulukira kamsomali, ndipo kanyundo kamagwa chochokera pamwamba, imeneyo ndi ya luso la Lefaucheux, lotchedwa pinfire. Ngati kamamenya m'mphepete mwa tsinde la chipolopolo ndi rimfire, ngati pakati ndi centrefire. Chigwiriro nachonso chimayankhula: mutu wa kadzidzi ndi chizindikiro cha Iver Johnson, ngakhale kuti zigwiriro zimasinthidwa mosavuta, ndipo wanzeru sadalira izo zokha. Kamfuti kakang'ono kokhala ndi chokhethemulira chopindika ndiponso kang'oma kotalikirapo kangakhale Velo-dog, komwe Galand wa ku France anatulutsa m'zaka za m'ma 1890 kuti okwera njinga azidzitetezera kwa agalu. Dzinalo limakoma kulimva, koma nato tinakopedwa tochuluka.

Kudziwa fakitale ndi chiyambi chabe, chifukwa m'banja limodzi muli ana osiyana mtengo. Model 1 ya Smith ndi Wesson ija inatuluka m'mitundu itatu. Woyamba, wa 1857 mpaka 1860, unali ndi thupi lamkuwa lozungulira m'mbali ndi kachivundikiro kakang'ono kozungulira, ndipo anapanga pafupifupi 11,000 yokha. Wachiwiri, wa 1860 mpaka 1868, unali wathyathyathya m'mbali, ndipo unaposa 100,000. Wachitatu unali ndi thupi lachitsulo, mpope wozungulira, kang'oma kokhala ndi mikwasa ndi chigwiriro chopindika ngati mutu wa mbalame, nawonso unaposa 100,000. Kwa munthu wamba titatu tonseti n'tofanana, kusiyana kwake kwa zaka n'kochepa, ndipo chipolopolo n'chimodzimodzi. Kwa wosonkhanitsa, koyambako kali pamwamba kutalitali, ndipo pakati pa toyambato amasiyanitsanso timagulu tingapo poona kusintha kwa kachitsulo kotsekera mpope. Mtengo wasiyana chifukwa cha kusowa, osati msinkhu.

Pa nkhani ya kasungidwe m'pamene eni ake ambiri amadziwonongera okha ndalama ndi manja awo, ali ndi mtima wabwino. Munthu akaona dzimbiri ndi kuthimbirira amatenga sandipepa kapena waya wotsukira mapoto, kukwecha mpaka chitsulo chiwale, kapena amapita nako kwa mmisiri kuti akakutenso ndi nickel. Wina angatsutse kuti palibe cholakwika: galimoto yakale ikakonzedwa bwino imakwera mtengo, nanga mfuti ilekeranji? Yankho lake n'lakuti wogula mfuti yakale sakufuna kukongola, akufuna umboni. Khungu limene fakitale inaika, kaya ndi nickel, siliva kapena kubiriwira kwa chitsulo, ndilo limasonyeza kuti palibe amene anaseweretsapo. Muyezo wa bungwe la National Rifle Association ku America, womwe ogulitsa ambiri amatsatira, umagawa mfuti zakale m'magulu asanu ndi awiri, kuyambira yooneka ngati yangotuluka m'fakitale mpaka yotheratu, ndipo mwa zazikulu zimene umayeza ndi gawo la khungu loyambirira limene latsala komanso ngati ziwalo zonse zili zenizeni. Kukwecha kumafafaniza tizidindo tija, kumazunguliza ngodya zomwe zinali zakuthwa, ndipo kumabisa ming'alu. Wodziwa akaona kamfuti ka m'ma 1870 kakunyezimira ngati katsopano koma zilembo zake zili zofufutika, amakumbukira kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo amatsitsa mtengo m'malo mokweza. Amafufuzanso ngati manambala a pathupi, pakang'oma ndi m'kati mwa chigwiriro akugwirizana, poti timfuti tambiri tinalumikizidwa kuchokera ku mitembo iwiri kapena itatu. Zokongoletsa monga mnyanga wa njovu ndi maluwa ozokota pachitsulo zimakweza mtengo pokhapokha zitachokera kufakitale. Zowonjezera pambuyo pake zimautsitsa.

Chotsiriza, chomwe chingachulukitse mtengo kambirimbiri, ndi pepala. M'mawa wa pa 10 July 1873, mlakatuli wa ku France Paul Verlaine analowa m'sitolo ya mfuti ya Montigny ku Brussels n'kugula kamfuti ka Lefaucheux ka mamilimita 7. Tsiku lomwelo, ataledzera, anawomba kawiri mnzake Arthur Rimbaud, yemwe anali ndi zaka 18, chipolopolo chimodzi n'kumulasa padzanja lamanzere. Khoti linamulamula kukakhala kundende zaka ziwiri. Kamfutiko kanalandidwa, pambuyo pake kanabwezedwa kusitolo komwe kanagulidwa, ndipo kanakhala komweko mpaka sitoloyo itatsekedwa mu 1981. Nambala yake inagwirizana ndi zolembedwa zakale za sitoloyo. Pa 30 November 2016, kampani ya Christie's inakagulitsa ku Paris pa mayuro 434,500. Tinzake ta mtundu womwewo, topanda mbiri, timagulitsidwa pa mayuro mazana angapo. Ku America nakonso, kamfuti ka Iver Johnson ka .32 komwe Leon Czolgosz anawombera Pulezidenti William McKinley pa 6 September 1901 anakagula ku Buffalo ndi madola 4.50, ndipo tofanana nako tili mbwee pamsika lero pamtengo wotsika. Chimene chimasiyanitsa ka m'nyumba yosungiramo zakale ya Buffalo History Museum ndi tinzake n'chakuti kanagwidwa pamalo pomwepo, mboni zilipo. Kwa mwini wamba, pepala lotere limapezeka mwa njira yosavuta: zolembedwa zakale za mafakitale a Colt ndi Smith & Wesson zinasungidwa, ndipo munthu akalipira amalandira kalata yonena tsiku limene mfuti ya nambala yakutiyakuti inatumizidwa, kumene inapita, ndi mmene inkaonekera potuluka. Kalatayo nthawi zambiri imangotchula sitolo yogulitsa zitsulo, koma imathetsa mkangano wa chaka ndi wa zokongoletsa.

Apa wowerenga watcheru afunsa: ngati umboni ndiwo mtengo, nanga kachitsulo ka ku Auvers kanakwera bwanji? Funsolo n'lomveka, chifukwa palibe kaundula, risiti kapena mboni yolumikiza kamfutiko ndi Van Gogh. Chomwe chilipo ndi kugwirizana kwa zinthu zingapo: malo amene kanapezeka, mtundu wake wogwirizana ndi nyengoyo, kufooka kwa chipolopolo chake komwe kungafotokoze chifukwa chimene wovulalayo anatha kuyenda kubwerera kunyumba ya alendo ya Ravoux, ndi dzimbiri losonyeza zaka zambiri m'dothi. Bungwe la Institut Van Gogh la ku Auvers linadzudzula malondawo ponena kuti palibe chotsimikizira, ndipo olemba mbiri Steven Naifeh ndi Gregory White Smith anali atanena kale mu 2011 kuti mwina wojambulayo sanadziwombe yekha, anawomberedwa mwangozi ndi mnyamata wina. Komabe malondawo sakugwetsa mfundoyi. Poyamba, kamfutiko sikanafike ku Drouot chimanjamanja: kanali katalembedwa m'buku mu 2012, ndipo Van Gogh Museum ya ku Amsterdam inakaika pachionetsero mu 2016, zomwe mwa izo zokha ndi mbiri yolembedwa. Chachiwiri, Van Gogh ndi wotchuka padziko lonse kuposa Verlaine, komabe kamfuti ka mlakatuliyo, ka mtundu womwewo, kogulitsidwa mumzinda womwewo, kanapeza ndalama zoposa kuwirikiza kawiri ndi theka. N'zoona kuti ka Verlaine kanali kosungidwa bwino, ndipo ogula awiri okakamirana angathe kukweza chilichonse. Koma kusiyanako kukusonyeza kuti ogula anachotsera ndalama chifukwa cha chikayiko. Anagula mwayi wakuti mwina ndi komweko, pamtengo wa mwayi.

Ena amatsutsa mwa njira ina, ndipo awa ndimawamvera chisoni kwambiri. Amati nkhani ya m'banja nayonso ndi mbiri: agogo ankanena kuti kamfuti aka kanapita kunkhondo, kapena kanali ka wapolisi wotchuka, nanga tikane mawu a akuluakulu chifukwa sanalembedwe? Sitikana. Mawu apakamwa amasunga zoona zambiri, ndipo kawirikawiri ndiwo amauza wofufuza kumene angayambire. Vuto n'lakuti sayenda ndi katundu. Mdzukulu amakhulupirira chifukwa ankadziwa agogo ake, koma wogula wachitatu sanawaonepo, ndipo wamva nkhani yofananayo kwa ogulitsa ambiri. Chitsulo chenichenicho nthawi zina chimatsutsa nkhaniyo poyera, monga pamene kamfuti kotchedwa ka nkhondo ya 1861 kapezeka ndi chisoti chachifumu cha ku Liège cha pambuyo pa 1893. Banja lanzeru limalemba nkhaniyo akulu akadali moyo, kusunga zithunzi, makalata ndi ziphaso pamodzi ndi nambala ya mfutiyo. Phindu limene kamfutiko kali nalo kwa mdzukulu palibe angalilande, koma si limene wogula akufunsidwa kulipira. Mabuku a mitengo monga la Norm Flayderman, lomwe linatuluka koyamba mu 1977, kapena Blue Book of Gun Values, amathandiza kuika kamfuti m'gulu lake. Komabe mtengo weniweni ndi umene tinzake tofanana nako tinagulidwadi posachedwa, osati umene wina walemba pa intaneti akudikira wopusa.

Lamulo nalo limasuntha mtengo, ndipo ambiri sazindikira. Ku America, lamulo la 1968 limaona mfuti yopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyomo ngati chinthu chakale chomwe boma lalikulu silifuna kuti chidutse kwa wogulitsa wa chiphaso, ngakhale zigawo zina zili ndi malamulo awo okhwimirapo. Motero timfuti tiwiri tofanana kotheratu, kena ka 1897 kena ka 1900, tili ndi ogula osiyana. Ku Britain, malamulo a 2021 amati mfuti ikhale yopangidwa isanafike 1 September 1939 ndiponso ya zipolopolo zomwe zinatha ntchito kuti isungidwe popanda chiphaso. Ka Lefaucheux kamaloledwa, koma Model 1 ya .22 siiloledwa ngakhale ingathe kukhala yakale kuposa ka Lefaucheux, chifukwa zipolopolo zake zikupangidwabe mpaka lero. Malamulo omwewo anachotsa mitundu isanu ndi iwiri ya zipolopolo pamndandanda wa zakale, kuphatikizapo .320 ndi .442, zitadziwika kuti zigawenga zinkagula timfuti takale n'kumapangira zipolopolo kuseri, ndipo eni ake anakakamizika kutenga ziphaso, kugulitsa kapena kupereka kupolisi. Kuno ku Malawi kusunga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu, choncho wopeza kotere m'katundu wamasiye ayambe wadziwitsa apolisi asanaganize za mtengo.

Zipolopolo za .22 zija, zomwe zikugulitsidwabe, ndizo ngozi yaikulu kwa mwini wosadziwa. Zimalowa bwinobwino m'kang'oma ka 1860, ndipo munthu amakopeka kuwomba kamodzi kuti auze wogula kuti kakugwira ntchito. Timfuti timeneti tinapangidwira wonga wakuda wakale, pomwe zipolopolo za masiku ano zili ndi wonga wopanda utsi umene umakankha chitsulo mwamphamvu kwambiri. Iver Johnson anachita kusintha kapangidwe ka mfuti zake mu 1909 kuti zipirire wonga watsopanowu, ndipo zake zam'mbuyomo, zomwe kwa wosadziwa zimaoneka chimodzimodzi, sizinapangidwire wonga umenewu. Wosonkhanitsa salipira senti yowonjezera pomva kuti kamfuti kawomba dzulo. Amangoyang'ana ngati chotsekera chayamba kugwedera kapena khoma lopyapyala la kang'oma lachita mng'alu, ndipo akaupeza, kamfutiko amakagula pamtengo wa ziwalo zokonzera tina.